Timabowo tinayi ndi bupivacaine: lipoti la mayi wa ku Bembeke yemwe tinamuchotsa ndulu

Ine ntchito yanga ndi yogonetsa odwala ku thiyeta, ndine anaesthetic clinical officer pa chipatala china kuno ku Dedza, ndipo nkhani ndikulembayi inachitika mwezi wa July, nthawi ija kumazizira mpakana zala kukanika kugwira bolopeni. Mayiwo anavomera kuti ndilembe, dzina sinditchula ndipo zina ndasintha kuti asadziwike. Ndikulembera makamaka anzanga a ku thiyeta ndi manesi a mu wodi, chifukwa opaleshoni yoboola timabowo pamimba ija timati laparoscopy yayamba kutipeza olo ife a kumaboma madokotala akabwera ndi makina awo, nde ambiri tikaona kuti mabala ndi ang'onoang'ono timangoti basi ululunso ukhala wochepa, pomwe usiku woyamba uja wodwala atha kuvutika ndithu ngati sitinakonzekere.

Anali mayi a zaka 44, ana asanu, onse anabereka bwinobwino opanda siza, amalima mbatatesi ndi kabichi komanso amagulitsa pamsewu wa M1 paja pa Bembeke. Anabwera ndi dandaulo la miyezi pafupifupi khumi la kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, kumabwera mwa apo ndi apo makamaka akadya zamafuta, chipisi kaya nyama ya nkhumba kaya mandasi, ululu wake kumapita mpaka kumsana pansi pa phewa, kumakhala maola awiri atatu limodzi ndi nseru kenako kumasiya okha. Kuchipatala chaching'ono cha kwawo ankawapatsa omeprazole poganiza kuti ndi zilonda za m'mimba, zomwe sizodabwitsa chifukwa popanda sikani matenda awiriwa amasokonezadi. Sanasanzepo magazi, chimbudzi chakuda ayi, maso sanachitepo chikasu, kutentha thupi ayi. Shuga alibe, BP alibe, mphumu alibe, sanagonekedwepo ndi mankhwala m'moyo mwawo ndipo panalibe mankhwala omwe anawawengapo. Sikani inaonetsa timiyala tambiri mu ndulu, khoma la ndulu silinatupe ndipo njira yotsitsa ndulu kupita m'matumbo sinakule. Mlingo wa magazi (Hb) 12.4, creatinine woyezera impso wabwinobwino, BP 128/82, mtima 78 pa mphindi, chifuwa choyera, kukamwa kumatseguka bwino. Pa nthawi ina tikanawatumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, koma sabata imeneyo tinali ndi dokotala wa opaleshoni yemwe anabwera ndi makina a laparoscopy, ndipo kwa mayi ngati awa kuchitidwira pafupi ndi kwawo ndi nkhani yaikulu, thiransipoti ya anthu awiri komanso gadiyani kukakhala kutali ndi munda.

Chinthu choyamba chomwe ndikufuna anzanga mugwire ndi sikelo. Mu helefi pasipoti mwawo munalembedwa 66 kg, koma nditawayang'ana ndinaona kuti chitenje chikuzungulira kwambiri, nde ndinawakweza pa sikelo ndekha, 58 kg. Anali ataonda chifukwa choopa kudya, akuti "adokotala ndimangodya phala ndi masamba owiritsa, mafuta ndidasiya kalekale." Kusiyana kwa 8 kg kumaoneka ngati kochepa koma pa bupivacaine, mankhwala ochititsa dzanzi omwe timabaya pa mabala, mlingo womwe ine sindidutsa ndi 2 mg pa kilogalamu iliyonse, ndiye pa 66 kg ndikanawerengera 132 mg pomwe malire awo enieni anali 116 mg. Nambala imeneyi ndinailemba pa bolodi la mu thiyeta ndi zilembo zikuluzikulu tisanayambe, kuti aliyense wogwira sirinji aione.

Madzulo a tsiku loti mawa opaleshoni ndinakhala nawo pansi limodzi ndi mwana wawo wamkazi yemwe anali gadiyani. Mantha awo anali awiri, oti sadzadzuka, ndi oti munthu angakhale bwanji ndi moyo ndulu atachotsa. Ndinawafotokozera kuti ndulu imapangidwa ndi chiwindi, kathumba tikuchotsako ndi kosungira chabe, ndipo kakachoka nduluyo imangotsikira m'matumbo yokha. Pa nkhani yoyeza ululu sindinavutike ndi manambala a 0 mpaka 10, tinagwiritsa ntchito dzanja ngati momwe anzathu a palliative care amachitira, kufumbata chibakera ndiye kuti palibe ululu, chala chimodzi pang'ono, mpaka zala zonse zisanu ululu woti munthu sangaupirire. Tinayeserera kawiri ndipo anagwira msanga, anandiuza kuti ululu wa ndulu ukabwera umafika zala zisanu, "kuposa pobereka mwana wachitatu." Koma pali chinthu chimodzi chomwe sindinawauze madzulo amenewo, cha phewa, ndipo ndibwerako chifukwa chinatipweteketsa mutu usiku wotsatira.

M'mawa 8 koloko anamwa paracetamol 1 g ndi timadzi pang'ono. Tinalowa mu thiyeta cha m'ma 9:30. Ndinawagoneka ndi thiopentone 250 mg ndi suxamethonium 100 mg, chubu chopumira cha pakhosi cha saizi 7.0 chinalowa kamodzi, kenako vecuronium ndi isoflurane, pethidine, mankhwala amphamvu opha ululu, 50 mg mu mtsempha pang'onopang'ono poyambira, dexamethasone 8 mg atangogona, yomwe imathandiza nseru komanso ululu. Ndinasankha isoflurane dala osati halothane, chifukwa pa laparoscopy mpweya wa carbon dioxide womwe timapopera m'mimba umalowa m'magazi, ndipo halothane ikakumana ndi carbon dioxide wokwera mtima suchedwa kuyamba kudumphadumpha. Capnograph, makina oyeza carbon dioxide mu mpweya womwe wodwala akutulutsa, inalipo, ndipo ine ndinena poyera kuti popanda capnograph opaleshoni imeneyi sindingavomere kugonetsa munthu.

Tsopano za mankhwala ochititsa dzanzi, pomwe pagona nkhani. Mu kabati yathu bupivacaine yemwe timamudziwa tonse ndi heavy uja wa spinal, jakisoni wa pamsana uja, wa mu ka ampoule ka 4 ml, wosakaniza ndi glucose kuti azilemera. Ameneyo si wa ntchito iyi, ndipo kumuthera pa mabala ndi kulanda amayi a siza omwe abwere usiku. Yemwe tinagwiritsa ntchito ndi plain 0.5% wa mu botolo la 20 ml, lomwe alendowo anabwera nalo. 0.5% ndiye kuti 5 mg mu ml iliyonse, botolo lonse 100 mg, pansi pa 116 mg yathu ija. Ndinauza asista osikiraba kuti atsanulire botolo lonse mu ka galipoti koyera n'kuthiramo normal saline 20 ml, zinakhala 40 ml za 0.25%, mankhwala omwewo 100 mg koma madzi ochuluka oti afike malo ambiri. Tinagawa pawiri, 20 ml ya timabowo ndi 20 ml yothira m'kati mwa mimba pomaliza. Ndinawerenga mokweza, asista anabwereza, dokotala anavomera, kenako tinayamba.

Timabowo tinali tinayi monga mwa nthawi zonse pochotsa ndulu, la 10 mm pa mchombo polowera kamera, la 10 mm pansi pa fupa la pachifuwa, ndi awiri a 5 mm pansi pa nthiti za kumanja. Pa mchombo tinabaya 3 ml tisanacheke n'kusunga 4 ml ya potseka, pa la pamwamba 7 ml, ting'onoting'ono tija 3 ml lililonse. Apa ndi pomwe ndinaphunzira kanthu kwa dokotala uja, chifukwa ambirife tikamati tabaya lokolo, mankhwala ochititsa dzanzi aja, timangotupitsa khungu n'kumati tathana nazo, pomwe ululu weniweni wa bowo umachokera pansi, pa fascia, kanyama kolimba kokuta minofu, ndi pa peritoneum, kansalu kokuta m'kati mwa mimba, pomwe chitsulo chadutsa n'kumapotokola kwa ola lathunthu. Iye kamera italowa ankalowetsa singano akuyang'ana pa sikirini mpaka nsonga yake ikankhe peritoneum osaiboola, kukoka sirinji kaye kuona ngati mulibe magazi, kenako kubaya mpaka tione kachithuza katukuka m'kati, n'kumabaya akutuluka nayo singano mpaka pakhungu. Zimatenga mwina mphindi imodzi pa bowo, basi.

Mpweya tinayamba ndi 12 mmHg, ndulu itaoneka bwino ndinapempha kuti titsitse ndipo tinagwira ntchito pa 10. Opaleshoni inatenga ola ndi mphindi 15. Pochotsa ndulu pa chiwindi kathumba kanabooka pang'ono ndulu n'kudontha, zomwe zimachitika, nde anatsuka ndi saline wofunda n'kuyamwa yense. Atatha kuyamwa, osati asanayamwe chifukwa mukatero mankhwala apita ndi sakishoni, anathira 20 ml ija, theka kumanja pansi pa diaphragm, nyama yotchinga pakati pa chifuwa ndi mimba, ndi theka pomwe panali ndulu, ine n'kupendeketsa tebulo mutu pansi kwa mphindi ziwiri kuti madziwo akhale pomwe tikuwafuna. Kenako tinatsegula timabowo, dokotala akukanikiza mimba ine ndikupopa chikwama mwamphamvu pang'ono kangapo kuti mapapo akankhe diaphragm mpweya wotsala utuluke. Diclofenac, mankhwala ena a ululu, 75 mg pa thako akutseka. Ndinaganizapo kaye za diclofenac chifukwa cha mbiri ija ya "zilonda za m'mimba", koma sanatayepo magazi, impso zili bwino, ululu wawo unali wa ndulu poyera, nde ndinapereka n'kupitiriza omeprazole.

Potseka khungu mnzathu wina yemwe ankathandizira anatenga lignocaine 2%, lokolo wa mtundu wina, kuti aonjezere 10 ml pa mabala, mwa mtima wabwino ndithu, kufuna kuti mayi asamve kuwawa. Ndinamuletsa. Lignocaine 2% ndi 20 mg mu ml, 10 ml ndi 200 mg, pomwe pa 3 mg pa kilogalamu malire a mayiwa a lignocaine wopanda adrenaline anali 174 mg olo akanakhala kuti sanalandire china chilichonse, ndipo apa anali atalandira kale 100 mg mwa 116 mg ya bupivacaine. Mankhwala awiriwa poizoni wake amaphatikizana, onse amatseka timakomo ta sodium, m'minyewa ya pabala ndiye dzanzi lomwe tikufunalo, koma akachuluka m'magazi amakatsekanso mu ubongo ndi mu mtima, ndipo bupivacaine akagwira mtima samasiya msanga. Mankhwala othana ndi zimenezo ndi Intralipid 20%, poyambira 1.5 ml pa kilogalamu mu mtsempha, koma ife mu thiyeta mwathu tinalibe. Ndiye ngati mulibe Intralipid chitetezo chanu ndi sikelo, masamu, ndi kukoka sirinji musanabaye, palibenso china. Komanso kumbukirani kuti munthu wogona sangakuuzeni kuti milomo yachita dzanzi, choyamba kuona chingakhale ECG kusintha kapena BP kugwa.

Anadzuka bwino titapereka neostigmine ndi atropine kuti minofu ibwerere mphamvu, 11:20 tinali mu recovery. Ndinawasunga mphindi 45 pa monita chifukwa mankhwala othira m'mimba amapitiriza kulowa m'magazi opaleshoni itatha, ndipo atayamba kuyankha ndinawafunsa m'mawu oti amve, "Mayi, milomo kaya lilime zikuchita dzanzi? M'makutu mukulira? M'kamwa mukumva ngati mwanyambita chitsulo? Chizungulire?" Zonse ayi. Nditawafunsa za ululu anakweza chala chimodzi, kenako anafunsa ngati opaleshoni yachitika kale kapena tikudikirabe. Pethidine wina sanafunike. 2 koloko analandira paracetamol wachiwiri n'kumwa madzi, kenako tiyi, 3 koloko anayenda okha kupita kuchimbudzi mwana wawo atangowagwira dzanja, 6 koloko madzulo anamwa phala osasanza. Ndinawaona nthawi imeneyo, chala chimodzi atagona, ziwiri akatsokomola. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo.

Cha m'ma 10 koloko usiku foni inalira, asista a naiti. Mayi aja akubuula, akukana kugona chagada, gadiyani akulira. Nditafika ndinawapeza atakhala pa bedi atagwira phewa la kumanja, zala zinayi, ndipo atafunsidwa bwino ululu unali pawiri, pa mchombo akasuntha, ndi pa nsonga ya phewa nthawi zonse makamaka akapuma mozama. Mwana wawo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Adokotala, opaleshoni munati ndi ya pamimba, nanga phewali mwawatani amayi? Kapena adagwa pa tebulo?" Funso limeneli linali loyenera, chifukwa palibe yemwe anawauza.

Ndisananene kuti ndi mpweya chabe ndinayenera kutsimikiza kuti si magazi kapena ndulu ikudontha m'kati, chifukwa magazi akasonkhana pansi pa diaphragm amapwetekanso phewa chimodzimodzi, tonse timadziwa za mayi wa ectopic yophulika, mimba yokhala kunja kwa chiberekero ija, yemwe amadandaula phewa. Mtima 92, BP 130/80, kutentha 36.8, oxygen 97%, m'maso mofiira bwino, manja ofunda, mimba yofewa yosatupa, kuwawa pa mabala pokha, mabandeji ouma, mkodzo anali atataya kawiri. Ndinaimbira dokotala wa opaleshoni, tinagwirizana kuti palibe chizindikiro choopsa koma manesi aziyeza mtima ndi BP ola lililonse mpaka m'mawa. Kenako ndinatsegula faelo. Paracetamol wa 8 koloko usiku sanaperekedwe. Asista anandiuza kuti atafika nawo mayiwo anakana, akuti sakumva kuwawa ndiye amwerenji mankhwala, bola apatse ena omwe akuvutika. Asistawo anali okha wodi yonse, sakanakhala pamenepo kumanyengerera munthu yemwe akuoneka kuti ali bwino kuposa onse.

Apa vuto linali langa. Bupivacaine wobaya pa bala amagwira maola mwina anayi mpaka asanu ndi atatu, wathu tinabaya pakati pa 10 ndi 11 koloko m'mawa, ndiye pofika 7 koloko madzulo anali akutha ndithu, ndipo ndinkadziwa zimenezi, koma pa pepala sindinalembe paliponse kuti dzanzi litha nthawi yakuti, diclofenac wachiwiri ndinalemba kuti aperekedwe akafunika, ndipo mayiwo sindinawauze kuti kusamva kuwawa kwa masanaku ndi kwa mankhwala, kuti panado wa usiku ndi wotchingira ululu womwe ukubwera. Iwo anachita zomwe munthu wa chifundo aliyense akanachita. Dzanzi linatha, paracetamol wa 2 koloko anali atatha, diclofenac wa m'mawa akutha, zonse nthawi imodzi, usiku, kukuzizira.

Tinapereka paracetamol 1 g pompo, pethidine 50 mg pa thako kamodzi, ndi diclofenac 75 mg wachiwiri 11 koloko atakwana maola 12, kukhala 150 mg pa tsiku yomwe ndi malire ake. Tinawakweza kumutu kwa bedi, mwana wawo anathira madzi ofunda mu botolo n'kukulunga ndi chitenje kuika pa phewa. Kenako ndinakhala pansi kuwafotokozera zomwe ndikanafotokoza dzulo lake. Ndinati, "Mayi, kuti dokotala aone bwino m'mimba timapoperamo mpweya, ndipo olo tiutulutse pamatsala wina pansi pa nyama yomwe imatchinga pakati pa chifuwa ndi mimba. Mtsempha womwe umamva za nyama imeneyo umachokera m'khosi, malo amodzi ndi wa pa phewa, nde thupi limasokoneza n'kumati ndi phewa. Phewa lanu lili bwino, kwezani mkono muone." Anakweza mkono mpaka pamwamba, n'kuuzunguza, mwana wawo n'kupuma. Kwa anzanga, ndi phrenic nerve, C3 mpaka C5, ndipo ululu umenewu nthawi zambiri umakula tsiku loyamba n'kutha wokha m'masiku awiri atatu. Pofika 12 koloko zala ziwiri, anagona.

M'mawa mwake mabala chala chimodzi, phewa ziwiri, mtima 80, kutentha thupi palibe, mimba yofewa, anatulutsa mpweya, anadya phala ndi tiyi, masana nsima pang'ono ndi nyemba. Tinawalimbikitsa kuyenda pakhonde ndipo okha ananena kuti akayenda phewa limapepuka. Pethidine sanalandirenso. Tsiku lachiwiri tinawatulutsa ndi paracetamol 1 g maola 6 aliwonse, ibuprofen 400 mg katatu pa tsiku atadya kwa masiku atatu, ndi omeprazole, ndipo nthawi ino ndinauza onse awiri kuti masiku atatu oyamba amwe potsata nthawi osadikira kuwawa. Ndinawauzanso zobwerera nazo msanga, maso achikasu, kutentha thupi, kusanza kosaleka, mimba kutupa kapena ululu womakulirakulira m'malo mochepa, komanso kuti thumba la mbatatesi asanyamule kwa milungu ingapo chifukwa bowo la pa mchombo litha kuchita hernia.

Tsopano maganizo anga pa zomwe zinachitikazi. Ululu wa pambuyo pa laparoscopy si umodzi, pali wa timabowo, pali wa m'kati pomwe pachotsedwa chiwalo, ndi wa phewa uja, ndipo lokolo sagwira onse mofanana. Pa timabowo ndi pomwe ndimamukhulupirira kwambiri, kwa mayi awa maola asanu ndi awiri oyamba anali a chala chimodzi, anayenda, anamwa, sanasanze. Zothira m'mimba zija, kafukufuku amene alipo amaonetsa kuti zimathandiza koma pang'ono komanso kwa maola oyamba okha, ndipo kwa mayi athuwa sizinaletse phewa usiku. Sindinganene kuchokera pa wodwala mmodzi kuti gawo liti linachita chiyani, popeza analandiranso paracetamol, diclofenac, dexamethasone ndi pethidine wa poyamba uja. Koma nditakhala ndi botolo limodzi lokha ndipo wodwala ndi wochepa thupi moti mlingo sukukwana zonse ziwiri, ndingasankhe timabowo, mozama mpaka pa peritoneum, ndipo za phewa ndingalimbane nazo potsitsa mpweya, kutsuka, ndi kutulutsa mpweya wonse pomaliza, zomwe sizifuna ndalama.

Wina atha kufunsa kuti bwanji osangolemba pethidine maola 6 aliwonse ngati kale. Ine yankho langa ndi wodi yathu usiku. Nesi mmodzi, mabedi odzaza mpaka ena pansi, monita palibe, makiyi a kabati ya mankhwala oopsa ali ndi munthu mmodzi ndipo jakisoni aliyense alembedwe mu kaundula, nde wodwala wodalira pethidine yekha amadikira, akalandira amagona tulo tolemera, nseru, kusanza mimba ili ndi mabala, kuchedwa kudzuka ndi kudya, ndipo kupuma kukachepa palibe makina oti alire. Jakisoni aliyense wa pethidine yemwe tamupewa ndi ntchito yochepa kwa nesi ndi chiopsezo chochepa kwa wodwala. Mayi awa pa masiku awiri analandira mmodzi yekha mu wodi, ndipo ndikukhulupirira kuti panado wa 8 koloko uja akanamwa mwina olo ameneyo sakanafunika pa mabala, ngakhale phewa likanawawabe.

Ndipo izi si za laparoscopy yokha, yomwe kwa ife imabwera mwa kamodzikamodzi. Opaleshoni yochotsa ndulu mwa njira imeneyi inayamba ndi Erich Mühe ku Germany mu 1985, kwathu kuno ikufika mochedwa, koma mabala a pamimba timacheka tsiku lililonse, siza, hernia, ectopic, kutseka amayi kubereka, ndipo onsewa atha kupindula ndi lokolo wobayidwa bwino pa fascia potseka. Kwa omwe muli ndi makina a sikani mu thiyeta pali TAP block, yomwe Rafi anaifotokoza mu 2001, kubaya pakati pa minofu iwiri ya pamimba, internal oblique ndi transversus abdominis, imathandiza khoma la mimba koma ululu wa m'kati siigwira, ndipo imadya mankhwala ambiri nde masamu aja amafunika kwambiri. Ngati muli ndi lignocaine yekha gwiritsani ntchito, kungoti dziwani kuti pakatha ola limodzi kapena awiri watha, wa adrenaline amakhalitsako ndipo malire ake amafika 7 mg pa kilogalamu. Pamalo pomwe pali mafinya musayembekezere zambiri, lokolo sagwira bwino pa nyama yotupa ya asidi.

Chichitikireni nkhaniyi pa pepala langa la anaesthesia ndimalemba zinthu zitatu pansi penipeni pomwe nesi aone, dzina la lokolo ndi ma mg onse omwe alowa, nthawi yomwe tabaya, ndi nthawi yomwe ndikuyembekeza kuti dzanzi litha, n'kuzungulizapo ndi bolopeni yofiira. Paracetamol ndi diclofenac wa tsiku loyamba ndimalemba maola ake enieni, za "akafunika" ndimasiyira pethidine yekha. Ndipo ndimapita ndekha mu wodi kukauza nesi wa naiti ndi gadiyani pamaso, chifukwa gadiyani ndi amene amakhala pambali pa bedi usiku wonse, akamvetsa iye mankhwala amamwedwa. Odwala awiri omwe tinawachita laparoscopy mawa lake ndinawauza za phewa asanalowe mu thiyeta, mmodzi linamuwawadi madzulo, anangoitana asista n'kunena kuti mpweya uja adokotala ananena wayamba, n'kupempha botolo la madzi ofunda.

Mayi a ku Bembeke anabwera tsiku la 10 kudzachotsa ulusi. Mabala onse anayi ouma, la pa mchombo lolimba pang'ono pansi koma losatupa, maso oyera, phewa linasiya tsiku lachitatu ali kunyumba. Pa sikelo 58.5 kg. Anandifunsa ngati tsopano angadye ndiwo zothira mafuta, ndinati ayambe pang'onopang'ono aone momwe m'mimba mukulandirira, ena amatsegula m'mimba masabata oyamba koma zimakhazikika. Mwana wawo anafunsa za kumunda, tinagwirizana kuti kugulitsa pamsewu atakhala pansi atha kuyamba sabata yotsatira, koma khasu ndi matumba adikire kaye mpaka tidzawaonenso pakatha milungu isanu ndi umodzi.